Mkazi Amene Anandibwereka Mutu Wake

1

Ku Kande mpaka lero alipo anthu amene akandiona ndikudutsa amakodolana. Amati ndine mkazi uja mimba zinkamukana, atapatsidwa mwana n'kukamutayanso. Ndakhala chete zaka zingapo, koma kukhala chete sikunandithandize kanthu, ndiye ndati ndikufotokozereni inu amene simundidziwa mmene zinayendera.

Dzina langa ndine Esnart. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndinakulira m'nyumba za antchito pa esiteti ya labala kuno ku Nkhata Bay, kumene bambo anga a Alufeyo ankacheka mitengo ndi kutola utomoni. Atapuma pa ntchito anatenga mayi ndi ang'ono anga n'kubwerera kumudzi. Ine ndinatsala, chifukwa ndinali nditakwatiwa ndi Amosi Mhone, mnyamata wa ku Kande amene tinadziwana ku kwaya.

Zaka zoyamba za banja lathu mimba ziwiri zinapita padera. Itachoka yachiwiri, Amosi anati kuno kulibe chochita, ndipo ananyamuka wa ku Joni monga amachitira anyamata ambiri a kuno. Anandisiya m'nyumba ya malata yosamaliza, moyang'anizana ndi ya mayi ake, NyaLongwe, amene ankatsogolera gulu la amayi la umanyano ku tchalitchi. Apongozi angawa sanandinyozepo pamaso. Ankangondiyang'ana ngati mbuzi imene anaigula modula koma siswa.

Chitonga ndinkachimva, koma ndikati ndiyankhule azimayi ankaseka n'kundiyankha m'Chichewa. Ankanditcha Mchewa wa Amosi, ngakhale kwathu ndife Angoni. Tsiku linkatha osayankhula ndi munthu kupatula moni.

Chimene chinanditulutsa m'nyumba ndi saluni ya Madamu Catherine pa Chintheche. Mayiwa ankaphunzitsa atsikana kukonza tsitsi, nkhope ndi zikhadabo, kenako n'kuwalembetsa mayeso a ntchito zamanja amene ankakalembera ku Mzuzu. Ndinalowa nawo. Ndinkafuna satifiketi, chinthu chimodzi chokha cholembedwa dzina langa, osati la a Mhone.

Madamu anatiuza kuti mayesowo ali pawiri, olemba ndi ochita ndi manja. Pa ochita ndi manjawo aliyense amapita ndi munthu wake wokamukonza pamaso pa oyesa, ndipo ndi bwino ukhale mutu umene wauzolowera. Anzanga anali ndi achemwali, asuweni, azakhali. Ine ndinayenda khomo ndi khomo kupempha. Wina amati amuna ake safuna, wina amati mawa. Pambuyo pake ndinamva kuti ankaopa kuti mlendo ngati ine nditola tsitsi lawo n'kukapangira mankhwala a mimba. Ndinabwereka mutu wa chidole kwa madamu n'kuumangirira ku mpando wa pakhonde. Ndinkauluka, kuumasula, kuulukanso, mpaka tsitsi lake linayamba kuyoyoka.

2

Mwezi wa Meyi apongozi anakwera sitima kupita ku Usisya, amati kuli maliro a wachibale. Pobwera anali ndi khanda kumbuyo, kamtsikana ka miyezi ngati iwiri. Anandiitanira kwawo n'kundiuza kuti mayi wa mwanayo ndiye wamwalirayo, bambo wake sadziwika, ndipo kumeneko kulibe womulera.

"Ine ndakalamba, mkamwana," anatero. "Iwe manja ako ali chabe. Mtenge. Dzina lake ndi Mwawi."

Tsiku lomwelo Amosi anaimba foni, chinthu chimene sankachita kawirikawiri. Anati wamva za mwana wamasiyeyo ndipo azitumiza ya mkaka wa m'chitini. Anayankhula nane mokoma mpaka ndinalira foni itaduka. Ndinkaganiza kuti mwamuna wanga ndi wa mtima wabwino.

Masabata oyamba anali ovuta. Mwawi ankakana botolo, ankalira mpaka mawu kusasa, akufunafuna pachifuwa panga pamene panalibe kanthu. Ndinkamudonthezera mkaka ndi kasupuni, ine ndikulira naye limodzi. Pang'ono ndi pang'ono anazolowera. Ndinkakwera naye minibasi kupita ku saluni, ndipo madamu anandilola kumugoneka pa thawulo kuseri kwa madilaya. Notsi za mfundu, zipere ndi matenda ena a khungu la m'mutu ndinkamuwerengera iye mokweza, akuyamwa chala, akundiyang'ana ngati akumva. Ku sikelo anamwino ankandiitana kuti amake Mwawi, ine osawatsutsa.

Kwa nthawi yoyamba m'mudzi muja munali munthu amene ankasangalala ndikalowa m'chipinda.

3

Tsiku lina masana, apongozi atapita ku umanyano, ndinamva odi kuseri kwa nyumba. Anali mkazi wocheperako msinkhu kwa ine, woonda, wovala yunifolomu ya antchito a pa loji ina ya alendo. Anati dzina lake ndi Dainess, kwawo ndi ku Ruarwe, wayamba kumene ntchito yochapa zofunda, ndipo wamva kuti ndikufuna munthu wophunzirirapo.

Atavula duku ndinaona tsitsi lambiri, lakuda bii, lija woluka aliyense amalilakalaka. Ndinamufunsa ngati sakuopa zimene anthu amanena za ine. Anati iye alibenso chimene munthu angamulande.

Kuyambira pamenepo ankabwera tsiku lililonse la umanyano. Tsikulo anasankha yekha, amati ndi limene amapuma. Ankakhala pa mkeka, ine pampando kumbuyo kwake, ndipo tisanayambe ankandipempha kuti anyamule mwana kuti manja anga amasuke. Mwawi, amene ankalira akangogwiridwa ndi mlendo, kwa iye ankangoti zii, posakhalitsa n'kugona.

Pa mutu wa Dainess ndi pamene ndinaphunzirira ntchito yeniyeni. Mizere yanga inayamba kuwongoka. Ndinadziwa kumanga meshi osapweteka munthu, kukulunga tsitsi pa marola mofanana, kudula nsonga dzanja losanjenjemera. Madamu anayamba kuuza anzanga kuti aziona mmene ndikuchitira.

Koma chachikulu sichinali tsitsi. Ndinali nditapeza womuuza. Munthu ukamamuluka sumuona nkhope, umangoona khosi, ndiye pakamwa pamamasuka. Ndinamuuza za mimba zanga ziwiri, ndi mmene ndinabwerera ndekha kuchokera kuchipatala, nsalu ya mwana imene ndinagula ili m'chikwama. Ndinamuuza za Amosi amene mauthenga anga ankawawerenga osayankha. Ndinamuuza kuti Mwawi ndi mphatso imene Mulungu anandipatsa atandimvera chisoni. Iye sankayankha zambiri. Nthawi zina mapewa ake ankanjenjemera, ine n'kumayesa ndakoka tsitsi kwambiri, n'kumupepesa.

Tsiku lina umanyano unaweruka msanga, ndipo apongozi anatipeza pakhonde. Nkhope yawo inasintha. Anayankhula kwa Dainess motsitsa mawu, m'Chitonga chothamanga chimene sindinatolepo kanthu. Dainess anandipatsa mwana, anamanga duku pa mutu wolukidwa theka, n'kuchoka.

Apongozi anandiuza kuti akazi a m'maloji ndi oyendayenda, ndipo ameneyu asadzapondenso pakhomo pathu. Zaka zonsezo ndinali ndisanawatsutsepo. Tsiku limenelo ndinawauza kuti mayeso ayandikira ndipo ndilibe mutu wina, kupatula ngati iwo andipatse wawo. Sabata yotsatira ndinapita ndekha ku loji kukamuchonderera Dainess kuti abwerenso. Anabweradi.

4

Chakumapeto kwa Julayi ndinayamba kuona chachilendo. Ndikamupesa, chipeso chinkadzaza tsitsi, ndipo m'mbali mwa mphumi munayamba kuoneka khungu. Ndinachita mantha. Ndinaganiza kuti ndamuwononga ndine, komanso kuti anthu aja akamva anena kuti zimene ankaopa zija zapherezeka.

Ndinakulunga tsitsilo m'pepala kukawaonetsa madamu. Iwo anatisonkhanitsa tonse kuti tiphunzirepo. Anati tsitsi la mkazi limathothoka chifukwa cha kuluka kothina, matenda aakulu, nkhawa, kuchepa kwa chakudya m'thupi, komanso pakapita miyezi itatu kapena inayi mkazi atachira ku uchembere. Anandifunsa ngati munthu wangayo ali ndi khanda. Ndinaseka n'kunena kuti alibe ngakhale chibwenzi.

Nditamufunsa Dainess mwini wake, anati ndi meshi yothina imene ankamanga ali ku Joni. Ndinadabwa kuti sanandiuzepo zoti anakhalako kumeneko, koma kuno theka la mudzi linapondako ku Joni, ndiye sindinaone vuto. Ndinamufunsa mocheza ngati anakumanapo ndi mwamuna wanga. Anati Joni ndi wamkulu.

Madamu anandichenjeza kuti mutu wothothoka supakidwa mankhwala owongolera tsitsi. Koma kuwongola kunali m'gulu la zimene akanatha kutifunsa pa mayeso, ndipo ine ndinali ndisanachitepo ndekha pa munthu wamoyo. Dainess ndiye anandikakamiza. Anati ndingopewa m'mbali mwa mphumi, kwinako kulibe vuto. Ndinavomera.

5

Mankhwala amenewa ali ngati moto wozizira. Ukawapaka uyenera kuyang'ana wotchi, ndipo nthawi ikakwana uwatsuke ndi madzi ambiri, apo ayi amadya khungu. Ndinavala magolovesi, ndinagawa tsitsi panayi, n'kupaka kuyambira kunkhongo monga tinaphunzirira. Nditamaliza ndi pamene ndinaona kuti mbuzi za apongozi zagwetsa ndowa imodzi mwa ziwiri zimene ndinatunga. Yotsalayo sikanakwana.

Mjigo sunali patali. Mwawi, amene anali atayamba kulira, ndinamusiyira Dainess n'kuthamanga. Kumeneko kunali mzere wautali, koma mayi wina ataona magolovesi ali mbuu ndi mankhwala anandipatsa ndowa yake yodzaza kale kuti tisinthane. Choncho ndinabwerera msanga kuposa mmene munthu akanayembekezera.

Ndikuyandikira ndinamva kuti kulira kwasiya. Nditakhota pa ngodya ya nyumba ndinaima. Dainess anali atafulatira, thawulo litagwa pansi, bulauzi atayikwezera m'mwamba. Mwawi anali pa bere, kadzanja kake katagwira chala cha Dainess. Sikunali kuyamwa kongomutonthoza ayi. Ndinkamva akumeza.

Ndinatula ndowa. Dainess anatembenuka, ndipo sanayese n'komwe kubisa.

"Ndi wanu?" ndinafunsa.

"Ndi wanga, asisi."

"Bambo wake ndani?"

Anangoyang'ana nyumba ya malata imene inali kumbuyo kwangayo, kenako n'kuzyolika.

Sindikudziwa kuti tinakhala choncho nthawi yaitali bwanji. Chimene chinandidzidzimutsa ndi mmene ankafinyira nkhope, chifukwa nthawi ya mankhwala aja inali itapyola. Ndikuuzeni zoona, maganizo anandibwerera oti ndingomusiya apse. Ndinaima nawo maganizo amenewo kanthawi ndithu. Kenako ndinamugwira pakhosi n'kumuweramitsira m'beseni, mwana akadali pa bere.

Anandiuza zonse mutu uli m'beseni, ine ndikuthira madzi. Anakumana ndi Amosi ku Joni, kumene iye ankasesa m'nyumba za anthu. Amosi anamuuza kuti mkazi wake anamuthawa kalekale n'kubwerera kwawo ku Ntcheu. Anakhala limodzi m'kachipinda kamodzi. Atatenga mimba ntchito inamuthera, ndipo Amosi anamukweza basi kuti abwere kuno, akuti mayi ake akamulandira. NyaLongwe anamuchingamiradi pa Nkhata Bay, koma m'malo mobwera naye ku Kande anakamusiya kwa achibale ku Usisya, kutali ndi maso a anthu. Kumeneko ndi kumene anachirira, ndipo ndi kumenenso anamva kuti mkazi wa Amosi sanapite kulikonse. Bambo ake ku Ruarwe anamutumizira mawu kuti asabwere ndi mwana wopanda bambo. Ali pakati pa zimenezo NyaLongwe anafikanso, akuti mwanayo ndi magazi a kwa Mhone, amupereke akaleredwe bwino, ndipo Amosi akadzabwera zonse zidzakonzedwa. Anamupereka. Kuyambira tsiku limenelo Amosi anasiya kuyankha foni zake.

Anati mawere anamutupa, koma sanalole kuti aume. Ankafinya mkaka tsiku ndi tsiku n'kutaya. Ntchito ya pa loji anaifuna kuti angokhala pafupi. Ndipo nthawi iliyonse ndikalowa m'nyumba kukafunditsa madzi kapena kukatenga ulusi, ankamuika mwana pa bere.

"Ndinabwerera mwana wanga basi," anatero, mawu akumveka m'beseni. "Sindinkadziwa kuti ndikupezani muli munthu wabwino chonchi. Mukanakhala oipa bwenzi zili zophweka."

Nditamupukuta ndinaona kuti kunkhongo kwafiira, ndipo khungu lasupuka malo awiri.

6

Apongozi ndinawadikirira pakhomo pawo, ndipo ndinawafunsa ali chivalire yunifolomu ya umanyano. Sanakane. Anati anachitira ine, kuti ndikhale ndi mwana, ukwati wanga ulimbe, komanso banja lisachite manyazi ku mpingo. Anati alongo ake a Amosi akudziwa, amalume ake akudziwa, ndipo anthu onse anawayamikira nzeru.

"Unkafuna mwana, takupatsa mwana," anatero. "Cholakwika n'chiyani?"

"Ama, mukanandiuza, ndikanasankha ndekha."

Anangogwedeza mutu n'kulowa m'nyumba.

Amosi anayankha nditaimba kambirimbiri. Poyamba anati Dainess ndi wamisala, samudziwa. Atamva kuti mayi ake avomera, anati ali pa ntchito, ndisamusokoneze, nkhani za akazi tizithetsa tokha konkuno. Ndinamufunsa kuti akadzabwera adzalowa m'nyumba ya ndani. Foni inaduka.

Chodabwitsa n'chakuti za Amosi sizinandipweteke kwambiri. Chimene chinkandilasa n'kukumbukira mmene ndinkadutsira pamjigo ndi pamsika mwana ali kumbuyo, ndikunyada, azimayi akundifunsa kuti wamasiye wanu wadzuka bwanji, chonsecho akudziwa. Ndi kukumbukiranso kuti mnzanga mmodzi yekhayo amene ndinali naye sankabwerera ine.

Masiku otsatira sindinapite ku saluni. Ndinkangokhala ndi Mwawi m'nyumba, chitseko chotseka. Ndikanatha kukhala naye mpaka kalekale. Apongozi anali kumbali yanga, Amosi analibe nazo ntchito, Dainess analibe womuyankhulira. Ndinkadziuza kuti ndamulera ndine, ndipo ndine ndimasiyanitsa kulira kwake kwa njala ndi kwa tulo. Koma ndikamupatsa botolo ndinkakumbukira mmene ankamezera tsiku lija.

Lamlungu m'mawa, anthu akupita ku tchalitchi, ndinalongedza matewera, zitini za mkaka ndi buku lake la ku sikelo. Ndinamuika Mwawi kumbuyo n'kuyenda mu msewu waukulu wa phula, osabisala. Dainess ankachita lendi kachipinda kuseri kwa magolosale. Ndinamupeza atagona chafufumimba chifukwa cha zilonda zija. Ndinamasula nsalu n'kumugoneka mwana pambali pake. Ndinamuuza kuti amaopa kulira kwa tambala, kuti samwa mkaka ukazizira, kuti akavuta kugona uzimusisita kuphazi. Iye anagwada n'kundigwira miyendo, koma ndinamuuza kuti asandithokoze, chifukwa ndinali ndisanamukhululukire. Ndinamutsuka zilonda, ndinamupaka mafuta, n'kutuluka. Ndili pakhomo Mwawi anayamba kulira. Sindinacheuke. Ndinayenda nsalu ili m'manja, msana ukuzizira ngakhale dzuwa linali litatentha.

Pofika madzulo mudzi unali utawira. Amalume ake a Amosi anabwera kudzandiuza kuti ndataya magazi a banja lawo kwa mkazi wa pa loji, komanso ndavula apongozi anga pagulu, pakuti nkhani inali itafika kale kwa akulu a mpingo. Anati ndikamutenge mwanayo, apo ayi ndione msana wa njira. Ndinatenga chikwama changa ndi zipangizo za ntchito. Madamu Catherine anandipatsa kachipinda ka kuseri kwa saluni, m'mene ankayanikamo matawulo.

7

Mayeso anali atatsala pang'ono, ndipo ndinalibenso munthu wopita naye. Madamu anali atatiuza kale kuti oyesa amayamba ayang'ana khungu la m'mutu, ndipo wa zilonda amamubweza. Dainess anabwera ku saluni, mwana ali kumbuyo, kudzanena kuti ali wokonzeka kupita nane choncho. Ndinayang'ana zilondazo n'kumuuza kuti sizitheka. Mwawi atamva mawu anga anatambasula manja, akudumphadumpha mu nsalu. Atapita ndinalephera kugwira chipeso tsiku lonse. Ndinamutumizira uthenga Dainess kuti asadzabwerenso naye.

Madamu anayesa kundipemphera kwa makasitomala awo, koma nkhani yanga inali itafika kale pa Chintheche, ndipo aliyense anali ndi chifukwa chokanira.

Ku Mzuzu ndinapita ndekha. Mayeso olemba anayenda bwino. M'mawa wa ochita ndi manja ndinaima kunja kwa geti ndi chikwama changa, kukuwaza mvula yamawawa, ndikuona anzanga akulowa awiriawiri, akuseka. Tsidya lina la msewu panali mayi wachikulire akugulitsa nthochi. Ndinawoloka, ndinawapatsa moni, n'kuwafotokozera vuto langa. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi. Anandifunsa ngati ndikawameta mpala, ndipo nditati ayi, anaseka, anasiyira mnzawo dengu, n'kupukuta manja pa nsalu. Anati dzina lawo ndi a Wezi.

Tsitsi lawo linali lalifupi, louma, lonunkha utsi, la imvi m'mbali. Sindinkadziwa kumene limagonera, kapena pamene khungu lawo limamva kuwawa. Woyesa ataima kumbuyo kwanga chipeso chinandipulumuka n'kugwa pansi. A Wezi sanatembenuke. Anangonena motsitsa mawu kuti:

"Usaope, mwana wanga. Ndi tsitsi chabe, limameranso."

Ndinatenga chipeso china n'kuyamba. Ndinamaliza womalizira m'chipinda chonse, nthawi itatsala pang'ono kutha. A Wezi anadziyang'ana pagalasi nthawi yaitali, n'kunena kuti akafika kunyumba amuna awo akawafunsa kuti apeza ndani. Anabwerera ku dengu lawo, ine ku depoti. Sindinawaonenso.

Zotsatira zinatuluka cha ku Khrisimasi. Ndinakhoza. Madamu anandigulira Fanta ndi sikono, tinamwera mu saluni momwemo makasitomala atapita. Ndinaimbira bambo ku Ntcheu, ndipo anati ndibwerere kumudzi, kuno ndikutsaliranji. Ndinawauza kuti ndiganiza. Mpaka lero ndikadali kuno.

8

Ukwati unatha popanda phokoso. Amosi anabwera patapita zaka ziwiri ali ndi mkazi winanso, ndipo ndinangomva kwa anthu. Dainess anabwerera ku Ruarwe bambo ake atafewa mtima. Ine ndinagwira ntchito kwa madamu, kenako ndinatsegula kasaluni kanga pa Chintheche pomwepa. Ena mwa azimayi amene ankandikaniza mitu yawo lero amakhala pa benchi kudikira.

Chaka chatha, Loweruka lina m'mawa, ndinatukula maso n'kuona Dainess ali pakhomo, atanenepako, kamtsikana ka zaka zinayi katagwira nsalu yake. Anati abwera ku ukwati wa mbale wake ku Bandawe, ndipo mwanayo sanalukidwepo ku saluni chibadwire, ndiye amafuna woyamba ndikhale ine. Kamwanako kanabisala kumbuyo kwake.

"Pereka moni kwa anti," anatero Dainess.

Ndinamukhazika pa pilo kuti afike pagalasi. Analira popesa monga amachitira ana onse. Ndinamuluka pang'onopang'ono, kuposa mmene ndinalukirapo munthu, ndikuyang'ana pagalasi kuti mwina aonetsa kuti mawu anga anawamvapo. Sanaonetse. Nditamaliza anadziyang'ana, anamwetulira, anathokoza m'Chitonga kuti yewu anti, n'kuthamangira panja kukaona lole imene inkatsitsa katundu.

Dainess anandifunsa ngati ndingalole kuti adzamuuze za ine akadzakula. Ndinati adzamuuze kuti iye anamubala, koma panali mayi wina amene anamubereka kumbuyo nyengo yonse ya chisanu, ndipo sanamusiye chifukwa chotopa naye.

Inu amene mukuwerenga, ena mwa inu munena kuti ndinapusa, kuti mwana ndi wa womulera. Masiku ena nanenso ndimaganiza choncho, makamaka ndikatseka saluni n'kupeza kunyumba kuli zii. Sindikukuuzani kuti ndinachita bwino, chifukwa sindikudziwa. Chimene ndikupempha n'chimodzi. Mwina pafupi nanu pali mkazi amene mudzi wonse ukudziwa za banja lake kupatula iye mwini, ndipo mukuti mukumuchitira chifundo pokhala chete. Pitani mukamuuze. Adzalira, mwina adzadana nanu, koma adzasankha yekha maso ali otsegula. Ine mwanayo akanandipatsa atandiuza zoona, mwina ndikanamulandirabe, ndipo mayi wake sakanafunikira kuba nthawi yoyamwitsa mwana wake yemwe kuseri kwa nyumba yanga.